Loko pa Chipinda cha Bediako

"Alamu, tapatukani pakhomopo," anatero Tweneboa, loko ali m'manja.

Pokuaa sanasunthe. Kumbuyo kwake, m'kachipinda momwe mwamuna wake Bediako ankagwirira ntchito, kompyuta inkangolira chapansipansi ngati sinamve kuti mwiniwake ali kumochale.

"Khomani ngati mukufuna, koma makinawo musazimitse."

"Mwambo mukuudziwa. Chipinda cha malemu chimatsekedwa mpaka a kubanja kwathu titakhala pansi n'kusankha wolowa m'malo mwake. Ndiye tikhomere moto m'kati? Komanso si inu munkati makinawa ndi mkazi mnzanu? Lero mwagwirizana?"

"Tonse ndife amasiye, alamu."

Tweneboa anali mkulu wake wa Bediako, ndipo lokoyo anachita kubwera naye kuchokera kumudzi, ngati kuti mumzinda wonse wa Kumasi mulibe maloko. Sanali munthu woipa. Ankangoopa pakamwa pa abale, amene anali atayamba kale kunong'onezana kuti mkaziyo asamutsa katundu maliro asanachitike.

Za mkazi mnzakezo zinali zoona. Bediako ankaphunzitsa ophunzira za uinjiniya momwe madzi ndi mpweya zimayendera, ndipo fufu, nsima ya chinangwa ya kumeneko, ankamuzizirira patebulo iye ali tong'o pa kompyuta. Chaka chino anapatsa gulu la ophunzira ake ntchito yofufuza ngalande yodutsa pageti pa nyumba yake, yomwe mvula ikagwa imasefukira n'kukamiza msika wakumunsi. Anawo anaiyeza, anaijambula m'kompyuta, ndipo makinawo ankawerengera pang'onopang'ono komwe madzi angalowere atakulitsa kamlatho kapamsewu. Kusukulu magetsi ankangothimathima, choncho ntchito yonse inali kuno, pa mabatire ake. Inali itayenda kwa milungu. Kuizimitsa kunali kuyambiranso, ndipo Fuseina, mtsikana wotsogolera gululo, ndi anzake akanaphonya tsiku lokaonekera kwa owayesa. Chaka chathunthu chikanalowa m'madzi.

Anakangana mpaka Tweneboa anatopa. Makina anasiyidwa akuyenda, galasi lake analitembenuzira kuzenera la zitsulo, chitseko n'kukhomedwa. Kiyi Tweneboa anamumangirira pangodya ya nsalu yake yakuda.

Namfedwa amayenera kukhala pamphasa n'kumalandira opepesa, koma Pokuaa mphasa inkamuwotcha. Munthu ali m'kati momutonthoza, iye khutu lili kukhoma, kumvetsera ngati makina akuliraberabe. Magetsi akathima ankadzambatuka kupita kuzenera, kukaona kanyali ka mabatire. Azilamu ake ankagwedezana kuti chisoni chamuzunguza mutu. Mwina zinali zoona. Ankaopa tsiku limene phokosolo lidzaleke kuposa mmene ankaopera tsiku la maliro.

Linaleka Lachinayi masana, mitambo itadetsa kumwamba. Pokuaa anaimbira Fuseina, ndipo mtsikanayo anafika ali wefuwefu, n'kukakamira zitsulo za pazenera. Pagalasi panali ngalande yonse, madzi ake ali ofiira apa, obiriwira apo.

"Yamaliza, amayi! Tsopano ndingolowetsa fulashi, ndikopere, basi."

Tweneboa anatuluka pansi pa tenti ya opepesa akutafuna mtedza.

"Mwana iwe, chitseko ichi sichitsegulidwa."

"Bambo, sinditenga kanthu. Ngakhale pensulo."

"Ukalowa iwe, mawa wina adzati nayenso angotengamo chithunzi. Abale akandifunsa ndidzati chiyani? Jambula ndi foni yakoyo pazenera pomwepo."

"Owayesa safuna chithunzi, bambo. Amafuna manambala ake onse."

"Alamu," anatero Pokuaa, "mng'ono wanu anafa akudikira yankho limeneli."

"Anafa ndi mtima, alamu. Musandisenzetse zimenezo."

Kenako mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Opepesa anakokera mipando pakati pa tenti. Pokuaa anaima pomwepo, osadziwa kuti alire kapena athyole chitsekocho ndi musi. Fuseina sanapemphenso. Anayang'anitsitsa galasi lija, kenako anawerama n'kutola makoko a mtedza omwe Tweneboa anataya pansi. Anathamangira kugeti, n'kugwada m'mphepete mwa ngalande, mvula ikumukwapula. Madzi amatope anali atayamba kuthamanga. Anaponyamo khoko limodzi n'kulitsatira ndi maso, kenako lina.

Tweneboa anamulondola atadziphimba kumutu ndi nsalu.

"Wapenga? Ukuchita chiyani?"

"Makina akuti madzi amazungulira apa asanalowe pansi pa mlatho," anayankha Fuseina osadzutsa mutu. "Aphunzitsi sankalola kuti tikhulupirire kompyuta tisanagwade pa madzi enieni. Ankati makina amadziwa kunama mokongola."

Khoko lachitatu linafika pakamwa pa mlatho, linabwerera m'mbuyo, linazungulira kawiri, kenako n'kumira mumdima. Tweneboa analiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Mng'ono wanga ankachita zomwezi kumtsinje kwathu, ali kamwana," anatero motsitsa mawu. "Timapita kukatunga madzi, iye ali chogwada, akuponya m'madzi masamba a mitengo ya koko. Amayi ankamenya ine, kuti ndamusiya anyowe."

Pokuaa anali atafika kumbuyo kwawo, wopanda nsapato. Tweneboa anamasula mfundo ya pansalu yake ndi zala zonyowa, n'kumupatsa kiyi osamuyang'ana kumaso.

"Mulowe naye inuyo. Abale ndikayankha ndine."

Koma palibe amene anafulumira kubwerera kunyumba. Mkuluyo anakwinya nsalu yake yamaliro mpaka m'mawondo, anagwada m'matope pambali pa mtsikanayo, n'kutambasula dzanja.

"Tandipatsako khoko limodzi."