Mfuti ya Alamu Itafupika

Ndinafika ku Oshawa mu Julayi. Ndinati sindikhalitsa. Kulikonse ndimatero. Ndinatero ku Joni. Ndinatero ku Leeds. Ndinateronso ku Calgary, komwe ndinkakonza mafoni. Ine ndinakulira ku Limbe, kuseri kwa depoti. Basi ikangolira, miyendo imandiyabwa.

Achemwali anga a Bertha anandipatsa chipinda chapansi. Amuna awo, alamu anga a Lameck, amagwira ntchito ku famase. Ndi mkulu wa mpingo. Tayi amavula pogona pokha. Ndipo ali ndi mfuti.

Mapepala ake onse alipo. Imakhala m'kabati yachitsulo yokhoma, monga lamulo lakuno limafunira. Kabatiyo inaima pafupi ndi bedi langa. Yaitali, yakuda, ngati wapolisi wolondera banki.

Zipolopolo sagula. Amapanga okha m'garaja. Kasikelo kakang'ono, wonga, tizitini tamkuwa. Wongawo amayeza ngati mankhwala a khanda. Ukalowa, usapume mwamphamvu.

"Alamu, mavuto onsewa n'ngachiyani?" ndinafunsa. "Nyama ili mbwee m'sitolo."

"Nkhani si nyama, alamu."

Nkhani inali a Kevin. Mzungu, dalaivala wa galimoto yobweretsa mankhwala ku famaseko. A Kevin ndi anzawo ali ndi kanyumba m'nkhalango za kumpoto. Novembala aliyense amakakhala kumeneko sabata, kusaka agwape. Zaka zonsezi alamu akhala akuitanidwa ku maukwati a Amalawi. Ku maliro a Amalawi. Kowotcha nyama kwa anzathu a ku Zambia. Koma munthu wobadwira kuno anali asanawaitanepo, ngakhale kukamwa tiyi. Tsopano a Kevin anali atati, bwerani.

Panali lamulo limodzi. Mlendo ayambe waonetsa kuti amatha. Amakhoma mbale yapepala pa katoni, kumapeto kwa bwalo lowomberapo, mayadi mazana anayi. Uwombere katatu. Ukailasa, wapeza malo.

Chilimwe chonse alamu anali pa mbale imeneyo. Kuwonjezera wonga pang'ono. Kuchotsa pang'ono. Pofika Seputembala anapeza mlingo wawo. Liwiro la chipolopolo analiloweza ngati vesi. Ankadziwanso kuti chimatsika bwanji chikamafika patali.

Kenako mapemphero a m'nyumba anagwera kwathu.

Anthu anadzaza pabalaza. Amayi a Mathilda a ku Scarborough anatsika kudzafuna chimbudzi. Achemwali anawaperekeza. Ine ndinali pabedi, kuyang'ana mitengo ya matikiti. Amayiwo anaima pa kabati paja.

"Ichi n'chiyani, mayi a Ulemu? Firiji?"

"Mapepala a abambo."

Amayi a Mathilda anayang'ana kabatiyo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Mapepala aatali bwanji," anatero.

Alendo atapita, achemwali sanatsuke n'komwe makapu.

"Bambo a Ulemu, kwathu munthu wosunga mfuti m'nyumba ndi msilikali kapena wakuba. Pa awiriwa inu ndinu ndani?"

"Ndine mlenje."

"Mlenje wa tayi? Mayi aja akadzangotsegula pakamwa, Lamlungu nkhani ili ku Brampton. Lolemba ili ku Zomba kwa amayi anu. Chichoke pamaso pa anthu chimenecho."

Pansi pa masitepe pali kachipinda ka matsache. Mlendo salowamo. Alamu anagula kabati ina yaifupi, yokwana mmenemo. Mfuti inakana kulowa. Inatalika ndi chikhatho chimodzi. Tinaipendeketsa. Inakanabe.

Anapita nayo kwa mmisiri wa mfuti. Ine ndinawaperekeza, chifukwa galimoto ikamachoka sinditsala. Mmisiriyo anayeza mpope. Anati angathe kudula mainchesi asanu ndi limodzi, lamulo likulolabe.

"Zipolopolo mumapanga nokha?" anafunsa. "Ndiye mukayambirenso kuyesa. Patali pomwe."

Alamu anagwedeza mutu. Ndi mmene amagwedezera ku famase, odwala akamawafotokozera zomwe awerenga pa foni.

Chidutswacho anatipatsa m'jumbo. Achemwali anachikonda. Mpaka lero chimagwira chitseko cha garaja kuti mphepo isamenyetse.

"Alamu," ndinatero m'galimoto, "mkulu uja wati muyesenso."

"Liwiro lili mu wonga. Wonga ndayeza ndekha. Mankhwala ndi omwewo, kaya mwamwera m'kapu kaya pa supuni."

Anayesa ndithu. Pafupi, mayadi zana. Anakonza galasi loyang'anira. Zipolopolo zinalowa pakati penipeni. Anandiyang'ana. Za mfuti sindidziwa.

Tsiku linafika. Loweruka, mu Okutobala. Kunja kukuzizira kale. Alamu anatuluka m'chipinda atavala malaya oyera a chigwirizano cha abambo kutchalitchi. Aja achemwali amasita mpaka kolala kuima yokha. Tayi yakuda. Nsapato zopolisha.

"Mukupita ku intavyu?" anafunsa achemwali.

"Ndaitanidwa ndi akuluakulu. Sindingapite ngati ndikukagula makala."

"Mawa mukuwerenga mawu. Malayawo abwere oyera."

Kalabu yowomberayo ili kumpoto kwa tauni, kupitirira minda ya chimanga chouma. Tinapeza a Kevin ndi anzawo atatiyembekeza. Onse m'malaya akalekale, ong'ambika m'zigongono. Ena anali aafupi kumbuyo, ngati mbuzi inadyako. Ndinaganiza kuti ndi umphawi. Azungu osauka ndinawaonapo ku Leeds.

A Kevin anayang'ana tayi. Anayang'ana malaya.

Mbale ija inali kutali. Ine ndinkangoona kadontho. Nkhalamba ina, a Victor, inakhala pa galasi lalikulu kuti izinena pomwe chipolopolo chagwera. Tinavala zotseka m'makutu. Alamu anapinda tayi, n'kuilowetsa pakati pa mabatani. Anatembenuza kachitsulo ka pagalasi monga ankachitira chilimwe chonse. Anapemphera pang'ono. Ndinaona milomo.

Phuu!

Moto unatuluka kukamwa kwa mfuti, waukulu ngati mpira. Kapu ya khofi inagwa pathebulo loyandikana.

"Pansi," anatero a Victor.

Alamu anapukuta magalasi. Anawomberanso.

"Pansi."

Kachitatu a Victor sanafulumire. Anayamba akanda ndevu.

"Pomwe paja."

Tinayenda kukaona. Ndi ulendo. Nsapato zopolisha zinakumana ndi matope. Mabowo atatu anali pamodzi pa katoni, oti ungawaphimbe ndi chikhatho. Zala ziwiri pansi pa mbale. Mbaleyo inali yoyera, yoti ungadyerepo.

"Kuwombera kwabwino," anatero a Kevin. "Mukanakhala kuti mukusaka katoni."

"Pali cholakwika ndi mbaleyi," alamu anandiuza m'Chichewa.

"Alamu, mbale siyenda."

Titabwerera, a Kevin anatulutsa kamakina koyeza liwiro. Anakaika pambali pa mfuti. Alamu anawombera kamodzi. Nambala inatuluka. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sinali vesi lawo lija. Inaperewera ndi mafiti pafupifupi mazana awiri pa sekondi.

"Mfuti iyi inali yaitali mwezi watha," anatero a Kevin. "Yadwala chiyani?"

"Inkakana kulowa m'kabati."

"Bwanji osagula kabati yaitali?"

"Ndinali nayo."

A Kevin anadikira kuti amve zambiri. Zambiri sizinabwere. Za amayi a Mathilda sungazifotokoze m'Chingerezi.

Ndiye anafotokoza a Kevin. Wonga wa alamu ndi woyaka pang'onopang'ono. Umakankha chipolopolo mpope wonse, mpaka kukamwa. Ukadula mpope, kukankhako kumathera panjira. Mphamvu yotsalayo imangokhala moto ndi phokoso. Pafupi sudziwa. Patali chipolopolo chimachedwa, ndiye chimatsika kwambiri.

Ine ndinamva msanga. Ku Limbe tinkakankha maminibasi akufa batire. Anyamata omwewo, mphamvu zomwezo. Msewu ukakhala wautali, imalira. Ukakhala waufupi, mumangotuluka thukuta. Sindinanene. Alamu sanali pofuna minibasi.

Apo a Victor anaimirira. Anatulutsa sizasi m'thumba. Yaikulu, yometera nkhosa.

"Alamu, akufuna chiyani mkuluyu?" anandifunsa alamu.

"Ndikuganiza malaya."

A Kevin anati ndi mwambo wawo. Wophonya amamudula mchira wa malaya. Amakaukhoma pakhoma la kanyumba kaja, dzina lake pansi. A Victor anatembenuka kutionetsa msana wawo. Malaya anathera pamwamba pa lamba.

"Uyu anaphonya gwape ataima chilili ngati ng'ombe," anatero a Kevin. "Gwapeyo anamudikira kuti ayesenso."

"Kunali dzuwa," anatero a Victor.

"Kunali chipale chofewa."

Alamu sanaseke. Anagwira kolala.

"Ndiye kuti malo ndataya," anatero.

"Mfuti chaka chino ayi. Gwape si katoni. Mukamulasa pansi choncho, amathawa ndi bala, n'kukafera kutali. Konzani zipolopolo zanu, tidzayesenso chaka chamawa." A Kevin anatola kapu ija pansi. "Koma wophonya amaphika. Sabata yonse. Ngati mukufuna."

Ndinayang'ana kumbali. Alamu anga sanawiritsepo madzi chibadwire. Ketulo amaiona ngati katundu wa anthu ena.

"Mukutanthauza kuti ndibwere?"

"Bedi lanu lili pafupi ndi mbaula. Victor amaliza mkonono. Bweretsani zotseka m'makutuzo."

Alamu anatulutsa malaya m'thalauza. Anatembenuka. Anatambasula manja ngati ali kwa telala. Sizasi inalira. A Victor anaikweza nsaluyo m'mwamba, n'kuigwira ndi zala.

"Yoyamba yosita," anatero.

Kunyumba achemwali anali pa thebulo, akusenda mbatata. Alamu analowa chammbali, msana kukhoma.

"Mwalasa?"

"Ndikupita nawo."

"Ndafunsa kuti mwalasa?"

"Mayi a Ulemu, dzira limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lipse?"

Achemwali anaika mpeni pansi. Anawazungulira. Anaona.

"Iwe Owen, unali kuti?"

"Ndinalipo."

"Ndiye?"

"Sizasi inali yaikulu."

Lamlungu alamu anawerenga mawu atavala jekete. M'tchalitchi munali kutentha. Sanavule. Amayi a Mathilda anawayamikira kuti aoneka bwino.

Lolemba maphunziro anayamba. Alamu anabweretsa kasikelo kaja kukhitchini. Achemwali akati mchere pang'ono, iwo ankafunsa kuti pang'ono ndi magalamu angati. Achemwali akati mungoona ndi maso, iwo ankati maso ndi omwe anawaphonyetsa mbale. Nyemba zoyamba zinali zolimba ngati zipolopolo. Zachiwiri zinapserera. Anati afunika munthu wolawa tsiku lililonse mpaka Novembala, ndipo anayang'ana ine.

Tikiti yanga ya ku Halifax inali ya mwezi wamawa. Ndinaisintha. Ndinanyamuka Lachinayi.