Mbendera ya Mkango Pamiyendo pa a Parviz

"Zaipa, Edna, zaipa!" Scholastica anaponya nyuzipepala patebulo m'khitchini ya nyumba yosungirako okalamba ku Santry, kutali ndi kwawo ku Malawi, kumene awiriwa ankagwira ntchito.

Edna anaitola. M'katimo munali chithunzi cha a Parviz, bambo okalamba osaona ochokera ku Iran amene Scholastica ankawasamalira, ali pa wilutcheya, mbendera ya mkango pamiyendo. Mutu wa nkhaniyo unkati othawa ku Iran akulirabe mfumu yawo.

"Iii, asisi! Si bambo aja asilikali a mfumu yomweyo anawathyola zala?"

"Omwewo. Anamufotokozera zonse mtolankhani uja, ine ndili pompo. Kuti mfumu inawatsekera m'ndende, amene anaichotsa pampando n'kudzawaphera mng'ono wawo. Walembapo ndi mzere umodzi womwe? Ng'o!"

"Nanga mbenderayi yachokera kuti?"

Mbenderayo mtolankhaniyo ndi amene anaitulutsa m'chikwama mwake. Anapempha mwaulemu kuti iyalidwe pamiyendo pa madalawo, ndipo Scholastica, poti anaphunzitsidwa kusabweza mawu a mlendo, anachita kugwada poiyala, mpaka kuwongola makwinya. Akanadziwa bwanji kuti ndi ya nthawi ya ufumu? Ku Malawi nakonso anali atangosintha mbendera chaka chomwecho, iye sanaone chachilendo. A Parviz ankangoyesa ndi kabulangete.

Nkhawa yonse inali pa Nasrin, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anatsala ku Tehran, likulu la Iran, kumene boma silikhululukira aliyense wooneka ngati akufuna ufumu ubwerere. Atavutikira mapepala kwa zaka zambirimbiri, ankayenera kufika Loweruka kudzaona bambo ake akadali ndi mpweya.

Pa buleki Scholastica anaimbira a nyuzipepala. Mtsikana wina wotopa anamuyankha kuti ndi kuvuta kwa chumaku olemba ambiri anachotsedwa ntchito, mnyamata uja anali waganyu chabe, ndipo mitu ya nkhani amalemba ndi ena.

"Komanso, mayi, owerenga amakonda nkhani za mafumu."

Zopanda manyazi! Ndiye munthu azunzike moyo wonse kuti ena asangalale pomwa tiyi?

Lachisanu masana foni inalira. Scholastica anaigwira pakhutu la a Parviz. Chilankhulo chawo sankachimva, koma anamva bwinobwino kuti wa mbali inayo akulira.

"Nasrin amulanda pasipoti," anatero madalawo foni itadulidwa. "A boma anamuitanitsa n'kumuonetsa chithunzi changa. Scholastica mwana wanga, unandifunditsa chiyani tsiku lija?"

Scholastica anawauza zonse. Ankalakalaka atamukalipira, atamutukwana kumene, mwina mtima ukanapepukako. Koma iwo anangofufuza dzanja lake n'kuligwira.

"M'kabatimo muli suti yanga ndi nsapato zatsopano zimene ndimati ndivale polandira Nasrin," anatero motsitsa. "Ukawapatse amuna ako. Ine ndilibenso womuvalira."