Mpunga Wochedwa wa ku Tabata

Yobu anamenya tebulo kachitatu, mpaka botolo la mchere linagwa. Anali ataswera padoko tsiku lonse kudikira kuti lole yake ipakidwe feteleza wopita ku Lilongwe, m'mimba muli tiyi wa m'mawa yekha. Tsopano dzuwa linkalowa, ali m'lesitilanti ina ku Tabata, dera lina la mumzinda wa padokowo, koma mpunga ndi nyama zimene anaitanitsa sizinkaoneka.

Chinamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti anthu onyamula katundu, amene anamupeza atakhala kale, anali atalandira zawo. Mayi wopereka chakudya, dzina lake Chausiku, anawayalira mphasa, kuwaikira phala, madzi ndi zipatso za kanjedza zotchedwa tende. Kwa Yobu ankangonena kuti adikire pang'ono. Chodabwitsa, anthuwo sankadya, ankangoyang'ana mbale zawozo.

Yobu anaitanitsa mwini malowo, bambo Laurent, nawakhuthulira zonse m'Chiswahili chake cha pamsewu. Anati ndalama ya Mmalawi si masamba, ndipo akauza madalaivala anzake kuti azidya kwina. Apa m'pamene anakhudza pachilonda. Chilolereni boma kuti aliyense azichita malonda, malo odyera anali atamera anayi pamsewu umenewo, onse akulimbirana malole a ku Malawi. A Laurent sanafunse n'komwe chimene chachitika. Anauza Chausiku pamaso pa anthu kuti avule epuloni, ntchito yatha.

Mayiyo sanatsutse. Anamasula epuloniyo, kuipinda bwinobwino n'kuiika pakauntala. Kenako analowa kukhitchini, natuluka ndi mbale ya Yobu. Anabweretsanso jagi ndi beseni, namuthirira madzi m'manja modekha, ngati kuti palibe chimene chachitika. Ulemu wotere umapweteka kuposa kutukwanidwa.

Nthawi yomweyo kunamveka kuitana kwa ku mzikiti, ndipo a pamphasa aja anayamba kumwa phala lawo. Mmodzi wa iwo, mkulu wa imvi dzina lake Kheri, anasendera kwa Yobu namulankhula chapansipansi. Anamuuza kuti uno ndi mwezi wa Ramadani, ndipo chakudya cha osala kudya chimayenera kukhala pamaso pawo kuitanako kusanamveke. Anatinso Chausiku nayenso sanalawe ngakhale dontho la madzi chiyambire m'bandakucha, koma wakhala akunyamulira ena mbale tsiku lonse pafupi ndi moto. Mayiyo anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri m'kantini ya kampani ya boma imene inagulitsidwa, ndipo kwawo ku Tandale kunali ana atatu odalira ntchito imene yathayi.

Yobu anachita manyazi kwambiri, njala yonse inabalalika. Anamuyang'ana mayiyo ataima pafupi ndi khomo, milomo itauma gwa, akumanga mpango kuti azipita. Anapisa m'thumba, natulutsa ndalama zimene dzanja linagwira, n'kumutsatira.

"Mayi, pepani. Landirani kangachepeka."

Chausiku anabisa manja kumbuyo. "Bakishishi, ndalama yothokozera, amapereka munthu amene wakhutira, bambo. Inu simunakhutire. Ngati mukufuna kundipatsa kanthu, kandipatseni ndi pakamwa pomwe mwandichotsera ntchito paja."

Kupereka ndalama kukanakhala kosavuta. Yobu anali munthu wosazolowera kubweza mawu, ngakhale kwa mkazi wake ku Ntcheu. Komabe anabwerera pakati pa lesitilanti, anthu onse akumuona, naitana a Laurent mokweza monga anachitira poyamba paja. Anati wolakwa ndi iyeyo, wabwera ndi njala yake osadziwa mwambo wa eni dera. Anati wayenda msewu wonse kuchokera ku Songwe, koma sanaonepo munthu woti amuchotsa ntchito n'kusambitsabe m'manja amene wamuchotsetsa. Ngati mayiyo achoka, ndiye kuti iye wapeza nkhani yeniyeni yokauza madalaivala anzake aja.

A Laurent anang'ung'udza kuti Amalawi sadziwa chimene akufuna. Anakanda m'mutu, kuyang'ana a pamphasa amene anali atasiya kudya, kenako anakankhira epuloni ija kwa mwini wake.

Chausiku anaivala, ndipo anafuna kutenga mbale ya Yobu kuti akaitenthetse. Iye anaigwira.

"Isiyeni. Yambani mwamwa kaye inuyo."

A Kheri anamusunthira Chausiku malo pamphasa. Mayiyo anakhala pansi, nanong'ona pemphero lalifupi, n'kumwa madzi pang'onopang'ono atatsinzina. Yobu anadikira mpaka kapu ya madziyo inatha, kenako anayamba kudya mpunga wake wozizirawo. Atamaliza anasiya kangachepe pansi pa mbale, ndipo ulendo uno Chausiku anakatenga.