Mtedza Wonyowa wa Mayi Lenia

Aphunzitsi a Kafuwa adamata kapepala pa botolo lachitatu, n'kulembapo ndi cholembera chofiira kuti: Lenia Mbewe, msika wa Chezi.

"Aphunzitsi, dzina la amayi ayi," adatero Luckness. "Tingolemba kuti wogulitsa wina wake."

"Wina wake ndiye ndani? Sayansi siyenda ndi mphekesera, iwe. Oweruza akafunsa kuti mtedza unautenga kuti, ukati unagwa kumwamba?"

Luckness adali mu Folomu 3 pa sekondale yoyendera, ndipo nzeru yonse ya mabotolowo idali yake. Kuyambira ali wamng'ono ankaona mayi ake akuwaza madzi mtedza asanauswe, monga amachitira aliyense kumeneko. Makoko akanyowa amafewa, zala sizipweteka, ndipo pa sikelo mtedza umalemerako pang'ono. Mtsikanayo adaika mtedza wouma m'botolo lina, wa m'thumba la pansi m'botolo lina, wowazidwa madzi m'botolo lachitatu. Patapita masabata, lachitatulo lidachita chuku chobiriwira, chija chimene mabuku amati chimaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Ndi ntchito imeneyi sukulu yawo idasankhidwa kukapikisana ndi masukulu a ku Dowa ndi Ntchisi.

A Kafuwa adali ataphunzitsa zaka zambiri osagwirako chikho ngakhale cha mpira. Tsopano adachinunkhiza, ndipo munthu akanunkhiza chikho makutu amatseka.

"Komanso amayi ako akawerenga bwanji? Zonse zikakhala m'Chingerezi. Walira mvula walira matope, mwana iwe. Ukufuna kukaona Lilongwe ku mpikisano wa dziko lonse kapena ayi?"

Luckness ankafuna. Kapepalako kadatsala pomwepo.

Kunyumba adayesetsa kuti mayi ake asapite ku mpikisanowo. Adati holo ndi yaing'ono, adati makolo saloledwa, adati minibasi yakwera mtengo. Mayi Lenia adangoseka.

"Mwana wanga akaime pamaso pa mabwana ine ndili pano n'kuingitsa ntchentche? Ndipita. Ndipo a Susana ndiwatenga akaone okha, aleke kundifunsa kuti sukulu ya mtsikana imapindula chiyani."

Susana ankagulitsa mtedza moyandikana nawo mumsika. Adali mnzawo wa mtundu uja wokusekerera mano onse uku akuwerenga makasitomala ako.

Tsiku la mpikisano holo ya pa boma idadzaza. Anyamata a ku Malomo adabwera ndi kampope koyendera dzuwa, ena a ku Dzaleka adali ndi kagalimoto ka mawaya kodzikhotera kokha kakafika pa khoma, atsikana ena ankaphika ndi mpweya wa ndowe. Mabotolo atatu a Luckness ankaoneka osauka pakati pa zonsezo. Mayi Lenia adakhala pa benchi yakutsogolo atavala chitenje chatsopano, chikadali ndi fungo la m'sitolo.

Nthawi yake itakwana, Luckness adayankhula Chingerezi chosalala. Botolo lachitatu adalitembenuza mochenjera kuti kapepala kayang'ane kukhoma. Zikadathera pomwepo, koma a Kafuwa adali ataima pambali ngati woyang'anira katundu wake. Adatambasula dzanja, n'kulitembenuzanso.

Woweruza wina, mayi wa magalasi, adawerama n'kuwerenga mokweza pa maikolofoni. "Lenia Mbewe, Chezi."

Mayi Lenia atamva dzina lawo likutuluka m'zimkuzamawu adadzambatuka. Adaimba nthungululu mpaka holo yonse idacheuka. Adavina pang'ono, akudziguguda pachifuwa.

"Ndine! Ndine mayi wake! Mtedzawo ngwanga!"

Ana a sukulu adaphulika kuseka. Ena adagwa pa mabenchi, ena adatulutsa mafoni. Mayi Lenia adaganiza kuti akusangalala nawo, ndiye adawonjeza nthungululu ina. Luckness adalakalaka pansi patang'ambika. Manyazi adamugwira, chisoni chidamugwiranso.

Pamenepo a Kafuwa adaona mwayi. Adatenga maikolofoni.

"Kuti makolo apindule nawo, ndimasulire m'Chichewa. Mwana uyu ndi wolimba mtima. Sanakondere ngakhale mayi ake omubereka. Wapeza kuti mtedza umene mayi awa amagulitsa uli ndi poizoni, chifukwa amauwaza madzi kuti ulemere pa sikelo. Amene mumagula kwa iwo, mumagulira ana anu matenda. Tiwaombere m'manja chifukwa chobwera okha kudzavomera!"

Anthu adaombadi. Mayi Lenia adaima chiimire, dzanja lidakali pachifuwa. Adayang'ana mwana wawo, mwanayo adayang'ana mabotolo. Kenaka adakhala pansi pang'onopang'ono, n'kukokera chitenje kumaondo. Susana adasendeza thako kutali nawo, foni ili m'manja.

Oweruza adati ntchito ya Luckness ndi imene ikukhudza moyo weniweni wa alimi. Adapambana. Chikho adachilandira a Kafuwa, ndipo pa chithunzi iwo ndiwo adaima pakati.

Nkhani idafika ku Chezi minibasi isanafike. Tsiku la msika, Mayi Lenia adayala mtedza wawo monga mwa nthawi zonse, koma anthu ankaulambalala ngati pali maliro. Anyamata a kabaza ankadutsa akuimba nthungululu yonyoza.

"Amayi a poizoni, lero mwathira madzi angati?"

Susana ndiye adakweza mawu kuposa onse. "Mtedza wouma kuno! Wopanda chuku! Wathu sunapite ku sayansi!"

"A Susana," adatero Mayi Lenia motsitsa, "anyani sasekana zikundu. Ndowa yowazira ija simunabwereke kwa ine dzana?"

"Dzina langa lili pa botolo? Wakuyalutsani ndi mwana wanu yemwe, ine mundisiye. Munkati sukulu ya mtsikana imapindula. Yapindulatu."

Dzuwa lisanapendeke adabwera akomiti ya msika, anthu amene akazi awo onse amawaza madzi mtedza. Adati dzina la msika laipa, ndiye Mayi Lenia ayambe apuma kaye mpaka anthu aiwale. Malo awo adapatsidwa kwa mphwake wa Susana tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mudalowa chete woopsa. Mayi Lenia sadakalipe, sadamenye, sadalire pamaso pa mwana. Ankakhala pakhonde n'kumaswa mtedza wouma gwa, wopanda woti augule, mpaka zala zidachita matuza n'kuphulika. Luckness akati awathandize, ankakokera lichero kumbali.

"Musadetse manja, madamu. Inu ndinu ophunzira."

Mawu oti inuwo ankamupweteka kuposa ndodo. Adagwada, adapepesa, adafotokoza kuti adakana koma aphunzitsi adaumirira.

"Munadziwa kuti dzina langa lili pamenepo?"

"Ndinadziwa, amayi."

"Pamene ndinkavina paja munkadziwa?"

"Eya."

"Chabwino. Dzukani, mudetsa siketi."

Patatsala masabata awiri kuti apite ku mpikisano wa dziko lonse ku Lilongwe, a Kafuwa adafika okha pakhomo pa njinga yamoto. Sadatsike n'komwe. Adapereka moni wa pamwamba, n'kuyankhula ndi Luckness ngati mayi ake ndi chitsa.

"Botolo lija laola kwambiri, likununkha. Ku Lilongwe kukufunika chuku chatsopano, chooneka bwino. Uuze amayi ako atiwazireko wina, mmene amachitira muja. Dzina likhala lomwelo, oweruza analikonda."

"Aphunzitsi, amayi anawachotsa mumsika."

"Ndamva. Sayansi ili ndi mtengo wake. Ukapambana uko adzaiwala zonsezi."

Luckness adatsegula pakamwa kuti akane. Adafunadi kukana. Koma adaganiza za Lilongwe, za malo a ku sukulu yogonera amene amapatsa opambana, za moyo wopanda lichero, ndipo sadakane. Mayi ake adamuyang'ana nthawi yaitali, akudikira.

Mayi Lenia adadzuka. Adatapa mtedza wa makoko m'beseni, adatunga madzi m'chikho cha pulasitiki, n'kuwaza ndi zala zawo zamabalazo, akutembenuza bwinobwino kuti paliponse panyowe. Atamaliza adagwada pa dothi monga amagwadira kwa alendo, n'kupereka beseni kwa mwana wawo ndi manja awiri.

"Landirani, madamu. Mukandionetsenso kumeneko."

Luckness adalira, misozi ikugwera mumtedza momwemo. Koma beseni adalandira.