Mipando Yofulatirana

Chikwama cha Zione chinali pansi pa benchi, chomangidwa kale, chikudikira minibasi yoyamba ulendo wa ku Balaka kwa amayi ake. Analola kudzera kaye kuchipatala chifukwa Sisitala Bertha, namwino wopereka uphungu, anamupempha kuti abwere ndi mwamuna wake, Ambokile, ngakhale kamodzi kokha.

Panali patatha miyezi itatu mwana wawo woyamba atabadwa wakufa kale. Chiyambire tsikulo Ambokile sanamutchulepo mwanayo. Ankalawirira kumunda wa mpunga, kubwerako, kusamba, n'kufunsa ngati nkhuku zonse zalowa. Zione anafika potsimikiza kuti pakhomopo nkhuku ndiye zinali ndi bambo.

M'chipinda cha uphungu Ambokile anakhala ngati mboni kukhoti, chipewa pabondo.

"Bambo, mumtima mukumva bwanji?" anafunsa Sisitala Bertha.

"Palije suzgo, sisitala."

Anafunsa mwa njira ina, yankho linali lomwelo: palibe vuto. Sisitala sanaumirize. Anali ataona kuti Zione akangocheuka, maso a Ambokile ankathawira pansi.

"Mayi, inu ndinu a kumwera. Apongozi anu aamuna mumalankhula nawo bwanji kuno?"

"Chofulatira," anatero Zione. "Anandilangiza kuti kwa Ankhonde mkamwana sayang'ana apongozi kumaso."

"Nkhani zimatheka?"

"Zimatheka."

"Basi. Lero amuna anu ndi apongozi anu. Tembenuzani mipando."

"Aa, sisitala, mukundikalambitsatu," anadandaula Ambokile, koma mpando anautembenuza.

Kunati zii. Zione ankayembekeza kuti namwino adzaza chetecho ndi malangizo, monga anachitira ankhoswe ndi amayi a mvano. Koma iye anangopinda manja n'kumayang'ana pazenera, ngati munthu wopanda mzere wa odwala panja.

Kenaka Ambokile analankhula, akuuza khoma.

"Ine ndinamunyamula. Iwe unali usanatsitsimuke. Azimayi asanapite naye kukaika ndinapempha azamba mobisa, poti amati mwamuna sayandikira maliro otere. Anali ndi mphuno yako, Zione. Ndikakuyang'ana ndimaona iyeyo. Ndiye ndimangofunsa za nkhuku."

Panalibe amene anauzapo Zione maonekedwe a mwana wake. Onse ankangoti aiwale, Mulungu apereka wina.

"Tsitsi anali nalo?" anafunsa, nayenso akuyang'ana khoma lake.

"Lambiri. Lakuda bii."

Zione anatsamira chambuyo pang'onopang'ono mpaka mutu wake unakhudza phewa la mwamuna wake. Sisitala Bertha anawasiya choncho nthawi yaitali.

"Lachinayi, nthawi yomweyi," anatero pomaliza. "Mipando ndiisiya momwemu."

Panja, kondakitala ankakuwira a ku Mzuzu. Ambokile ananyamula chikwama n'kuima, osadziwa kolowera nacho.

"Chimangeni panjinga," anatero Zione. "Koma sindimasula. Chikhala chomanga mpaka Lachinayi."

"Chabwino," anayankha Ambokile, ndipo anamuyang'ana kumaso, kanthawi kochepa chabe.