Ganyu Wodyeratu

Funsani ankapanga mapulogalamu a pafoni m'kachipinda ka lendi pa Njuli, kuseri kwa chigayo. Ntchito ankaidziwa, koma anthu a ndalama ali ndi nthenda imodzi: pulogalamu ikangoyamba kugwira, amaiwala kuyankha foni. Bwana wina wa ku Limbe anamudyera thukuta la dzinja lonse n'kumulipira ndi "tionana". Kuyambira pamenepo Funsani analumbira kuti sadzayambanso ntchito asanalandire theka la malipiro. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiye kunabwera a Mateyu, mwini njinga zamoto za kabaza zimene zimathamanga pakati pa Njuli ndi Milepa. Anali munthu wolankhula motsitsa, woti ukawapatsa moni sakusiya dzanja msanga. Pamaso anthu ankawamwetulira, koma kumbali ankanong'ona za woyendetsa wina amene anagwetsera njinga yawo mumtsinje, yemwe lero amadya ndi dzanja lamanzere. Edwin, mng'ono wa Funsani, ankayendetsa imodzi mwa njingazo, ndipo podziwa bwana wake, sanawauzepo mudzi umene amachokera.

A Mateyu ankafuna pulogalamu yoti oyendetsa awo azitumizirapo ndalama ya tsiku. Funsani anatchula lamulo lake mozengereza, chifukwa kwathu kuno kufunsa malipiro ntchito isanayambe kuli ngati kuuza wamkulu kuti ndi mbava. Waganyu amalima kaye, mwini munda aone mizere, kenako dzanja lilowe m'thumba.

A Mateyu sanakwiye.

"Theka? Iyayi achimwene, ine ndipereka yonse," anatero. "Koma mumadziwa mmene amalimira munthu wodyeratu ganyu?"

Funsani anaseka, kuyesa nthabwala. Mvula inali itagwa kale, ndipo amayi ake, a Sellina, kwa Nchema analibe ngakhale kapu ya feteleza. Poti a Mateyu anali ndi njinga zofika paliponse, Funsani anawapempha kuti ndalamayo agulire feteleza n'kukatula kumudziko. Njira anawalongosolera bwinobwino: pokhotera, mtengo wa mango wopsa mbali imodzi, nyumba ya chitseko chobiriwira. Tsiku limenelo anayenda monyada, akudziona kuti wachenjera tsopano. Tsoka silinunkha.

Pulogalamu inatha, inalowa m'foni ya woyendetsa aliyense. Chimanga cha a Sellina chinabiriwira mpaka odutsa kumaima panjira. Kenako, tsiku lina achifwamba anamutchingira Edwin pamsewu wa ku Milepa n'kumulanda njinga. Edwin sanadikire kuti akafotokoze. Anasowa tsiku lomwelo, osatsazika ngakhale mkulu wake.

M'mawa mwake a Mateyu anafika m'kachipindamo n'kukhala pampando osauzidwa. Za Edwin sanatchule. Anangoti pulogalamuyo ikusowa kanthu kamodzi kakang'ono: izionetsa pamapu pamene foni ya woyendetsa aliyense ili.

Funsani anayesa kukana. Ananena kuti zimenezo sizinali m'pangano, ndipo ngati kuli kutero agulitsa kompyuta, abweze ndalama yonse.

"Ine ndalama sindinakupatseni," anatero a Mateyu mofatsa. "Ndinapereka feteleza. Mukamufukula m'nthaka, bweretsani, tisiyane. Apo ayi, mizere yanga ithe. Ndipo foni ina ikapanda kuoneka, musavutike nazo. Ndikafunsa kwa amayi, njira munandionetsa nokha."

Anamugwira dzanja nthawi yaitali, n'kutuluka.

Funsani anatsala yekha, chigayo chikulira kuseri kwa khoma. Mantha anali nawo, koma chimene chinkamupweteka kwambiri ndi chakuti palibe anamukakamiza. Chingwe anapempha yekha, khosi anaperekanso yekha.

Anadzitonthoza ndi ganizo limodzi. Edwin si chitsiru. Ayenera kuti anawoloka kale n'kukabisala kwa achibale ku Mozambiki, kumene dzanja la a Mateyu silifika. Ngati zili choncho, mapu aonetse, bwanayo aone yekha kuti munthu wake ali kutali, asakavutitse amayi. Analemba zimene anauzidwazo, n'kuyesa kaye pakompyuta yake.

Timadontho tinayamba kuoneka. Tina tinkayenda pa Njuli, tina tinkatsetsereka kulowera ku Milepa. Anayang'ana chakumalire, kunalibe kanthu. Kadontho ka Edwin anakapeza pafupi, kataima phee kwa Nchema, pang'ono kupitirira pamene pali mtengo wa mango uja.

Anatola foni kuti amuimbire, amuuze athawe, foniyo aiponye m'chimbudzi. Chala chinaima m'malere. Edwin akathawa, pachitseko chobiriwira padzatsala amayi okha.

Panja njinga yamoto ya a Mateyu inaima, injini osazimitsa.