Mpata wa M'nyimbo ya a Chipewa

Mphoto zikuluzikulu zili ndi khalidwe loipa: zimadikira kuti munthu athothoke mano, kenako n'kumuitanira nyama. A Chipewa yawo inawapeza atasiya kale kuiyembekeza. Dzinali analitengera pa chipewa chachikulu chimene ankavala poimba ndi gitala nyimbo zawo za minda, za sitima ndi za anthu osiyidwa pa siteshoni. Bungwe la oimba litawaimbira foni kuti likufuna kuwapatsa chikho chowathokoza pa ntchito ya moyo wawo wonse, iwo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutsuka kapu.

Chimwalirireni akazi awo chaka chathachi, mtima wawo unangoti zii. Pamaliro sanalire. Sankakwiya, sankaseka, tiyi wopanda shuga ankangomwa osazindikira. Chamoyo chinatsala chimodzi chokha. M'nyimbo yawo yotchuka iwo ankafunsa kuti, "Kodi udzandidikira?" ndipo akazi awowo ankavomera kuti, "Ndili pompano," mochedwa pang'ono, ngati munthu amene wayamba wapukuta m'manja, mawu awo osasa. Pa chimbale panali mawu osalala a pautsikana wawo. Kusasako kunabwera ndi ukalamba, ndipo palibe anakujambula. Tsopano a Chipewa akafika pamenepo ankasiya mpata, gitala yokha ikuyenda, ndipo mumpatamo ankawamva akazi awo bwinobwino, ndi kusasa komwe. M'mawa uliwonse ankaiimba nyimboyi kukhitchini chifukwa cha mpata umenewo basi.

Tsiku la mwambo mwana wawo wamkazi anawasitira jekete n'kupita nawo kuholo m'mawa kuti akayeserere ndi bandi. Atafika pampata paja, mkulu wa bandi, bambo wa magalasi akuda ngakhale m'nyumba, anakweza dzanja.

"Madala, mwadumpha mzere."

"Sindinadumphe. Pamenepo pamakhala choncho."

"Komatu zionetsedwa pa TV. Kukangoti zii anthu aziyesa maiki yafa."

"Akuti musiye momwemo, achimwene," anatero mwana wawo. "Ndi malo a amayi."

Mkulu wa bandi anavula magalasi, nkhope itagwa ndithu. "Pepani kwambiri. Ndamva. Musadandaule, tikonza."

Munthu wamtima wabwino akati "tikonza" mpofunika kumufunsa kuti akonza chiyani. A Chipewa sanafunse.

Masana holo inadzaza. Olankhula anawatchula nsanamira, mbiya yakale, tate wa oimba onse, kuphatikizapo ena amene kale ankawatsekera kunja kwa situdiyo. A Chipewa ankamvetsera ngati zikunenedwa za munthu wina, nsapato yakumanzere ikuwathina. Chikhocho chinali chagalasi, chooneka ngati gitala yopanda mawaya, chozizira m'manja. Anathokoza mwachidule, anachipereka kwa mwana wawo, n'kukhala pampando kuti aimbe.

Zala zinkadziwa njira zokha. Ndime yoyamba inadutsa. Anatsinzina, monga ankachitira kukhitchini.

"Kodi udzandidikira?"

"Ndili pompano!"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwawo, oyera, amphamvu, pa nthawi yake yeniyeni. Anali a mayi wina woimba amene nyimbo zake zinali pa wailesi iliyonse chaka chimenecho. Anatulukira kuseri kwa katani atavala diresi lonyezimira, misozi ili mbwembwembwe. Holo yonse inaimirira, m'manja ndi malikhweru. A Chipewa anamaliza nyimbo, poti zala sizinauzidwe kuti zisiye, ndipo funso likabwera mayiyo ankayankha osaphonya.

Atatsika, mayiyo anagwada n'kuwagwira dzanja. "Bambo, ine ndinakulira nyimbo imeneyi. Atandiuza zoti amayi kulibe, ndinati sindingalole kuti mufunse popanda wokuyankhani."

"Mwaimba bwino, mwanangu," anatero a Chipewa. Sananame. Panalibe ndi mmodzi yemwe muholomo amene anawafunira choipa, ndipo anafufuza mumtima mwawo mkwiyo, osaupeza.

M'mawa mwake chikho chinali pamwamba pa firiji, pafupi ndi botolo la mankhwala awo. Mwana wawo ankapinda jekete lija patebulo. A Chipewa anakhala pampando wawo wa masiku onse, moyang'ana sinki, anachuna gitala, n'kuyamba. Atafunsa funso lija anasiya mpata.

Anamva mawu oyera aja, a diresi lonyezimira.

Anaima. Anayambiranso pang'onopang'ono, kuti wochedwa apeze malo. Mawu omwewo analowa msanga, asanamalize n'komwe kupuma. Apa mantha anawagwira, oyamba chimwalirireni akazi awo.

"Ababa, tiyi akuziziratu."

"Iwe, amako pamenepa ankati bwanji?"

"Ankati, 'Ndili pompano.' Mwaiwala?"

"Mawuwo ndikuwadziwa. Ndikuti ankamveka bwanji?"

Mwanayo anayang'ana kusinki, kenako pansi, jekete lili m'manja.

A Chipewa anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anagwiranso gitala, natsinzina mwamphamvu.

"Kodi udzandidikira?"

Anayankha ndi mlendo yemwe uja, pa nthawi yake.